Matama a woimba: kowapeza, kowatulutsa ndi kowasiya pakhomo

Woimba wopanda matama olo pang'ono safika patali, izi ndikunena mosabisa mawu olo ena andida nazo. Kuno ku Mangochi tinaleredwa kuti mwana wabwino ndi wofatsa, woyang'ana pansi akamayankhula ndi akuluakulu, ndipo ndi khalidwe labwino sindikutsutsa ayi, koma vuto ndi loti ana athu aluso amanyamula kuyang'ana pansi komweko mpaka pa steji, kenako kumabwera mnyamata wochokera ku Blantyre kaya ku Lilongwe amene mawu ake safika olo theka la awo, watchena, wagwira maiki mopanda mantha, anthu nkukuwa, ndalama nkutenga iyeyo. Ife timatsala mmbuyo nkumanong'onezana kuti koma ameneyu amadzimva shuga. Eya amadzimva, ndipo kudzimvako ndi gawo la ntchito imene wabwerera. Ndiye abale anga oimba, kaya ndiwe wa bandi, wa kwaya, wa makaswida (nyimbo za Chisilamu), kaya umaimba wekha ndi gitala mmaloji a ku Cape Maclear, tiyeni tikambirane mmene ungawapezere matama amenewa osasanduka munthu wamwano, chifukwa mwano ndi nkhani ina ndipo wapha luso la anthu ambiri.

Choyamba, kudzikhulupirira sikugwa kumwamba ndipo sikubwera chifukwa choti anzako a pa WhatsApp akutumizira timoto tija. Kumachokera ku pulakatisi basi. Koma pulakatisi yake osati yokhala pampando nkumaimba kolasi yokha imene umaikonda ija, ayi. Imirira, imba nyimbo zonse zimene udzaimbe pa shoo motsatana kuyambira yoyamba mpaka yomaliza osapumira, ukuyendayenda, ukuvina, ndipo ngati nkotheka uchite masana kukutentha, chifukwa amene anaimbapo kuno mu Okutobala akudziwa mmene mpweya umathera pa nyimbo yachitatu, thukuta mmaso, pakhosi pouma gwa. Ukapirira zimenezo kunyumba, thupi lako lidziwa kuti lingathe, ndipo mantha ambiri a pa steji ndi thupi chabe limene silikudziwa ngati lifike kumapeto.

Ika foni pa zenera uzijambula pulakatisi iliyonse. Poyamba zimawawa kudzimvera, umapeza kuti pamene umaganiza kuti ukukweza bwino ukungokuwa, pamene umaganiza kuti ukuvina ukungogwedera ngati wamva kuzizira, koma bola uone wekha kuchipinda kusiyana nkuti akuonetse anthu pa Facebook. Dziwanso kiyi ya nyimbo iliyonse, uitchule ndi dzina lake, G kaya C kaya F. Woimba amene amauza wa kiyibodi kuti "mupeze pomwe ndili" wayamba kale kugonja asanatsegule pakamwa, pomwe amene amangoti "achimwene, G, tiyeni" bandi yonse imamva kuti ili mmanja abwino. Ngati nyimbo ikukuvuta pamwamba tsitsa kiyi, palibe amene anapatsidwa mphoto chifukwa chong'amba khosi.

Kenako kayese nyimbozo kwa anthu oti sakukukonda. Amayi ako akuuza kuti zili bwino, chibwenzi chako chikuuza kuti ndiwe dolo. Pita padoko madzulo pamene anyamata akusoka maukonde, kapena pa siteji ya akabaza, kapena kwa ana a mmudzi amene satha kunamizira, imba pamenepo. Akapitiriza nkhani zawo ngati palibe chikuchitika, nyimboyo sinapse. Akasiya zimene amachita, wina nkuyamba kubwereza kolasi usanamuphunzitse, wapeza chinthu, ndipo kuyambira tsiku limenelo uli ndi chifukwa chenicheni choyendera chifuwa chili patsogolo.

Tsono pa steji penipenipo, apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitse. Amene mukuganiza kuti matama a pabwalo ndi zobwera ndi ma vidiyo akunja, kaoneni beni. Gule ameneyu ndi wathu kuno, yunifomu yonga ya asilikali, mamendulo pachifuwa, wezulo pakamwa, ndipo wotsogolera akamalowa m'bwalo amayenda ngati ndi mkulu wa asilikali onse a dziko lino, khosi lili chilili, maso osaphethira, pomwe mmawa womwewo munamuona akugulitsa usipa kapena akupalasa njinga. Palibe amene amati akuyerekedwa. Aliyense amadziwa kuti bwalo limafuna zimenezo, ndipo gule akatha amavula yunifomu nkukhala pamphasa kumwa thobwa ndi anzake. Woimba aphunzire pamenepo, matama ndi ovala ndi kuvula.

Ndiye MC akakuitana usathamange ndipo usazengereze, yenda bwinobwino mpaka pakati, osaima kumbali kufupi ndi sipika ngati wabwera kudzapereka uthenga wa maliro. Ima kaye kamphindi, uwayang'ane anthu, makamaka akumbuyo kwenikweni, chifukwa ukayang'ana kumbuyo mutu umadzuka wokha, khosi limatseguka ndipo apatsogolo amaona ngati ukuyang'ana aliyense. Tchula dzina lako momveka ndi kumene ukuchokera, kaya ndi ku Makawa, ku Namwera, ku Malindi, ku Makanjira, kwa Mponda, utchule monyadira osati momeza mawu. Ngati pali anthu ambiri akwathu konkuno aponyere moni wa Chiyao uone mmene bwalo limasinthira nthawi yomweyo.

Ndipo chonde chonde, mawu oti "pepani" asatuluke mkamwa mwako nyimbo isanayambe. Pepani ndili ndi chimfine, pepani sitinakonzeke bwino, pepani ndine wongoyamba kumene mundipirire. Zimenezi timaziona ngati ulemu koma kunena zoona ndi kupempha anthu kuti ayambe kufufuza zolakwika, ndipo amazipezadi. Munthu walipira pakhomo, wina wachoka ku Monkey Bay pa minibasi, sanabwere kudzakumvera chisoni. Ngati uli ndi chimfine tsitsa kiyi, sankha nyimbo zosafuna kukweza kwambiri, imwa madzi ofunda, koma usalengeze.

Nyimbo yoyamba ikhale imene ungaimbe olo atakudzutsa pakati pa usiku, osati yatsopano imene unamaliza dzana. Mphindi zoyambazo manja amanjenjemera kwa aliyense, olo akuluakulu amene mumawaona pa TV, ndiye umafuna nyimbo yoti pakamwa paziimba pokha mtima ukukhazikika. Maiki uigwire pathupi pake osati kuphimba kumutu kwake ndi dzanja, ndikudziwa anyamata a rap mumaona ngati ndi sitayilo koma mawu amatuluka ngati uli mmgolo ndipo ndi zomwe zimayambitsa kulira kwa sipika kuja, komanso osailozetsa ku sipika. Ukakweza mawu italikitse pang'ono, ukanong'ona iyandikitse. Tinthu timeneti ndi tating'ono koma munthu amene akudziwa chochita ndi manja ake amaoneka wolimba mtima olo mkati akuphika.

Ukalakwitsa mawu pitiriza, usaseke mwamanyazi, usatembenuke kuyang'ana wa ng'oma ngati iye ndi wolakwa. Anthu ambiri sadziwa kuti vesi yachiwiri imayamba bwanji, amadziwa pokhapokha nkhope yako ikawauza. Magetsi akathima, ndipo kuno amathima ndithu, jenereta isanalire pamakhala mdima ndi phokoso la anthu odandaula, apa ndi pomwe woimba weniweni amadziwika. Usatsike. Yamba kuomba mmanja, imba kolasi ndi mawu ako okha mokweza, wa ng'oma akuthandize poti ng'oma sizifuna magetsi, anthu alowerera okha ndipo mafoni ayatsa okha, pofika nthawi yoti magetsi abwere bwalo lonse ndi lako. Konzekeratu nyimbo imodzi ya nthawi ngati imeneyi, yoti anthu angayankhe mosavuta.

Kwa iwe wotsogolera bandi, kumbukira siginala, msodzi wotsogolera anzake pa nyanja usiku. Ali yekha mu bwato ndi nyali, maboti akudikira mawu ake, akati ponyani khoka amaponya, akati kokani amakoka, ndipo ngati akayikakayika usipa umabalalika onse nkubwerera chimanjamanja. Angathe kulakwitsa tsiku lina, koma kukayika kumaluzitsa kuposa kulakwitsa. Pa steji nchimodzimodzi, ukafuna nyimbo ithe kweza dzanja momveka ithe, ukafuna kolasi ibwerezedwe onetsa ndi chala aliyense aone, osati kumangoyang'anizana wina nkusiya wina nkumapitiriza.

Malo achiwiri ofunika matama ndi pa mtengo wa ntchito yako, ndipo apa oimba akwathu timapwetekeka kwambiri. Mwini loji kaya wokonza ukwati akakufunsa kuti mutilipiritsa zingati, yankho loti "mungotiganizira bwana" lithe. Akuganiziradi, akupatsa ya thiransipoti ndi mbale ya mpunga. Khala pansi uwerengere, galimoto yonyamula zida kupita ndi kubwera, kubwereka ma sipika ngati mulibe anu, mafuta a jenereta, chakudya, malipiro a munthu aliyense mu bandi, kenako iwe mwini, ndipo uike kenakake pamwamba poti anthu amanenerera. Ukatchula mtengo tseka pakamwa. Ambiri timatchula kenako chifukwa cha mantha timadzitsitsa tokha munthu asanayankhe nkomwe, "komabe tikhoza kukambirana", ayi aise, msiye iye ayambe. Pempha theka lisanafike tsiku, pa Airtel Money kaya Mpamba, ndipo zonse zimene mwagwirizana, tsiku, nthawi yoyamba, maola oimba, ndalama yotsala ndi nthawi yolipira, zilembedwe olo pa WhatsApp pokha. Wina akakuuza kuti bwera udzaimbe ulere anthu akudziwe, funsa kuti anthu ake ndi ati. Nthawi zina zimathandizadi, ngati ukutsegulira woimba wamkulu pa gulu lalikulu kapena ndi zachifundo zimene mtima wako wavomera, koma ngati mwini malo akugulitsa zakumwa usiku wonse chifukwa cha mawu ako, kukana si mwano. Ukakana mwaulemu kawiri katatu mbiri imayenda kuti uja ali ndi mtengo wake, ndipo chodabwitsa nchakuti amayamba kukulemekeza kuposa kale.

Nyimbo zako ukalembetse ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa luso limene lakhalapo kuyambira 1992, ndipo musanatuluke mu situdiyo gwirizanani kuti wapeka ndani, wapanga biti ndani, aliyense gawo lake ndi lotani. Anthu amachita manyazi kukamba zimenezi ati tingaoneke okonda ndalama, kenako nyimbo ikagunda ubale nkutha. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje, akuluakulu sananame.

Koma matama amene ndimawalemekeza kuposa onse ndi okhulupirira kuti zakwanu nzokwanira. Chikondwerero cha nyimbo cha Lake of Stars chachitikapo kangapo pa Sunbird Nkopola pompano, alendo ochokera ku Ulaya ndi maiko ena kudzadza mchenga wathu womwewu, ndiye tadzifunsa, munthu wakwera ndege mpaka kuno kuti adzamve mwana wa ku Koche akuyesera kutchula mawu ngati wa ku Lagos kapena wa ku Kingston? Zimenezo ali nazo kale mu foni mwake, zoimbidwa ndi eni ake. Chimene sangachipeze kwina ndi kugunda kwa gule wa manganje, kayankhidwe ka sikiri ya Asilamu, Chiyao chosakaniza ndi Chichewa mmene timayankhulira pamsika. Kutenga zimenezi nkuziika pa biti yamakono, nkuimirira nazo pa steji yaikulu osachita manyazi, pamafunika kamtima kena koti nkutheka ndine ndekha amene ndikuona kuti izi nzabwino koma ndikudziwa kuti nzabwino. Anzako aseka poyamba, ati zachimidzi. Asiye aseke.

Taonani malemu Lucius Banda, mwana wa ku Balaka pafupi pompa, amene anatisiya mu 2024. Munthu kuvomera kutchedwa Soldier, nkumaimba zodzudzula olamulira mpaka nthawi ina nyimbo zake kusiya kumveka pa wailesi ya boma iye osabwerera mmbuyo, nkudzayambitsanso Sand Music Festival yakeyake mmbali mwa nyanja, zimenezo sizichitika ndi mtima woti mungotiganizira bwana. Koma munthu yemweyo ndi amene anadutsitsa oimba ambirimbiri mu Zembani Band nkuwasiya akule paokha. Mbali ina kuli agogo athu a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930, amene anakhala zaka zambirimbiri akuimba ndi gitala yawo mmene amaimbira, osasintha kuti afanane ndi zimene zili mu fasho, mpaka dziko lonse linadzawapeza pa TikTok ali ndi zaka zoposa 90. Sakuwa, sadzitama, koma kukakamira njira yako zaka zonsezo ndi kudzikhulupirira kwa mtundu wina kumene ambirife tilibe.

Tsopano kowasiya matamawo. Wa sawundi, ameneyo ndi mfumu yako tsiku la shoo, fika msanga, mpatse moni, mfunse dzina, muyese zida limodzi, ndipo ngati sukudzimva mu sipika yoyang'ana kwa iwe ija muuze mwaulemu ndi chizindikiro cha dzanja. Kumukalipira pa maiki anthu akumva, "sawundi bwanji kodi", ndi uchitsiru umene ndauona kambirimbiri ndipo sunathandizepo munthu, iye ali ndi mabatani onse mmanja mwake ndipo mawa adzakhalaponso pa shoo ina iwe ukufuna ntchito. Ku pulakatisi nako matama akhale panja, wa bezi akakuuza kuti ukuthamanga mvera, mwina akunena zoona, polodyusa akati bwereza vesi bwereza olo kakhumi. Bandi uilipire tsiku lomwelo, ndipo pa steji uwatchule maina mmodzimmodzi, sizikuchotsera kanthu.

Nthawi isunge. Pali bodza lina loti staa amafika mochedwa, ndiye munthu amene ali ndi nyimbo ziwiri pa wailesi akusungitsa ukwati wa eni ake maola atatu ali phee ku resitihausi. Kumeneko si kudzidalira, ndi kuba nthawi ya anthu. Ndipo dziwa kumene uli, kuno Asilamu ndi ambiri, Lachisanu masana nthawi ya swala usayese zida pafupi ndi mzikiti, mwezi wa Ramadan ganizira kawiri za malo ndi nthawi ya shoo, mmudzi ukafika kaonekere kwa amfumu zida zisanatsitsidwe, ukagwade bwinobwino, chipewa ndi magalasi akuda uchotse. Mnyamata amene usiku amalamula bwalo lonse nkumapezeka mmawa akupereka moni wa manja awiri kwa agogo, ameneyo anthu amamukonda kawiri. Chimodzimodzi ku wailesi, kaya wapita ku Dzimwe kaya ku Radio Maria ndi nyimbo zauzimu, mlonda wa pageti ndi muulutsi wongoyamba kumene uwapatse ulemu womwe ungapatse bwana wawo.

Mowa ndi chamba musanakwere steji, ndikudziwa ambiri amati zimachotsa manyazi. Zimachotsadi, koma zimachotsanso khutu, umayamba kuphonya kiyi iwe nkumamva ngati ukuimba bwino kuposa masiku onse, ndipo choopsa nchakuti ukazolowera sudzathanso kuimba uli bwinobwino. Mantha a pa steji ali ndi mankhwala ake osavuta, puma mozama kangapo mpweya uzifika mmimba, ng'ung'udza nyimbo chapansipansi kuti khosi litenthe, dumphadumpha pang'ono kuseri, imwa madzi osazizira kwambiri. Manthawo sathera, amangosanduka mphamvu nyimbo ikayamba.

Pa Facebook ndi TikTok lankhula za ntchito yako molimba mtima, "nyimbo yatsopano yatuluka, ndaikonda ndipo muikonda", osati "tayesako pang'ono mutithandize". Koma kudzitcha mfumu ya nyimbo Malawi yense uli ndi nyimbo imodzi, kapena kutukwana amene anayamba kale kuti utchuke msanga, ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Okunyoza adzakhalapo, usawayankhe usiku mtima uli mmwamba. Uwerenge mmawa, amene wangoti ndiwe mbola msiye, koma amene wati mawu sakumveka chifukwa biti yakwera kwambiri wakupatsa uphungu waulere olo waunena mwachipongwe, tenga uphunguwo chipongwecho umusiyire.

Achemwali anga oimba, inu nkhani yake ndi yolemera kawiri ndipo sindikufuna kunamizira kuti nzofanana. Mwamuna akaima molimba amati ndi dolo, mkazi akaima chimodzimodzi amamutcha maina oti sindingalembe pano, ndipo ena okonza mashoo amaona ngati kukupatsani mpata ndi ngongole yoti mubweze mwanjira ina. Apa matama ndi chitetezo chenicheni. Mtengo tchulani nokha, nkhani za ntchito zikambidwe masana pamalo poonekera, pitani ndi mchimwene kapena mnzanu, malo ogona ndi thiransipoti yobwerera zidziwike musananyamuke, ndipo amene wayamba zachibwana muuzeni maso ndi maso kuti mwabwerera kuimba. Adzati ndinu odzimva, avomereni, ntchito imene imafuna kuti mudzichepetse motero si ntchito.

Tsiku lotsatira shoo, anthu atasiya kukuyamikira, tenga vidiyo imene mnzako anajambula uionere wekha kuyambira poyamba mpaka pomaliza osadumpha pamene pakuchititsa manyazi. Sankhapo chinthu chimodzi chokha choti ukonze, kaya ndi mpweya pa nyimbo yachitatu, kaya ndi mmene umathera nyimbo, kaya nkuti umayankhula kwambiri pakati pa nyimbo, upite nacho ku pulakatisi sabata imeneyo. Ndipo mu bandi mukhale munthu mmodzi amene wamupatsa chilolezo chokuuza zoona popanda kuopa kuchotsedwa, ukaona kuti nayenso wayamba kungoti zinali bho bwana pa shoo iliyonse, muitanire pambali umufunse bwinobwino kuti chavuta nchiyani.